Kwa eni labotale ya ku Avenues: bwezani $74 yanga, ndipo magazi muyeze monga analembera dokotala

Inu eni labotale ija ya ku Avenues mumzinda wa Harare, ya chitseko chagalasi ndi maluwa apulasitiki pakauntala, mukudzidziwa. Dzina lanu ndalisunga kaye. Foni yanu ndaimba mpaka eyataimu kundithera, uthenga wanga mwauwerenga n'kungoti zii, ndiye tiyeni tikambirane pano pabwalo anthu akuona. Ndalemba m'Chichewa dala. Mtsikana wanu wapawindo anati ife "a ku Malawi" sitimva zinthu msanga. Chabwino, pezani womasulira, nanunso mulaweko kukoma kwake kogwira pepala lonena za iwe mwini koma osalimva.

Ndili ndi ulcerative colitis, zaka 7 tsopano. Abale anga a ku Mabvuku ndi ku Tafara, amene mumandiona ndikuonda n'kumanong'onezana zina, lero mudziwe: ndi zilonda za m'matumbo aakulu, asilikali a m'thupi amaukira matumbo a mwini wake. Si kamwazi, si zolodzedwa, sapatsirana. Akavuta umapita kuchimbudzi kakhumi pa tsiku kapena kuposa, ndi magazi omwe, ndipo m'mimba mukati tiye ndi tiye basi, palibe zoti dikira ndimalize kulankhula. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Mwezi wathawu, kaya kumayambiriro kaya pakati, dokotala wanga anandichotsa pa sulfasalazine amene ankandipweteketsa mutu, n'kundiika pa mesalazine. Patapita masabata awiri kapena atatu pachifuwa panayamba kuthina, ndikakwera masitepe phuma. Ananditumiza kwa inu kuti mukayeze zimene madokotala amati ma enzyme a mtima, tinthu ta m'magazi timene timachuluka mtima ukavulala. Ndinalipira $68, ya troponin $43, ya CK ndi CK-MB $25. Troponin inatuluka yokwera pang'ono. Anati ibwerezedwe pakatha maola 3, ina $43. Inatuluka pomwepo, osakwera osatsika. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, $20, yabwinobwino. Sikani ya mtima ija amati echo $120, mtima ukupopa ngati wa mtsikana. Kuonana ndi dokotala $50. Zonse pamodzi $301, ndipo ine ndimasoka mayunifolomu a sukulu, werengani nokha kuti ndi madiresi angati amenewo. Ndalama zimenezi sindikuzifuna. Ntchito yake inagwirika.

Chimene chinaimitsa dokotala mutu ndi pepala lanu lija. CK yonse munalemba 140. CK-MB munalemba 190, pomwe malire ake papepala lanu lomwelo ndi 25. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Amayi, nsima ya m'mbale ingachuluke kuposa ya mumphika momwe mwaiomola?" CK-MB ndi kagawo chabe ka CK yonse. Kagawo kakaposa chinthu chonse, ndiye kuti makina awerenga chinthu china n'kuchiyesa cha mtima. Anandifotokozera, ndi kujambula komwe kuseri kwa envelopu, kuti anthu ena a matenda ngati angawa amakhala ndi macro-CK: enzyme imamatirana ndi mapuloteni a chitetezo cha m'thupi n'kukhala chimbulumbulu chachikulu chimene chimachedwa kuchoka m'magazi, ndipo njira yachangu yoyezera CK-MB imapusitsika nacho. Troponin nayonso imatha kumatirana motero, kapena asilikali ena a m'magazi n'kusokoneza makina a kampani imodzi pomwe a kampani ina akuwerenga bwino. Munthu mtima ukamawonongeka mwadzidzidzi nambala ya troponin imayenda, imakwera kenako n'kutsika. Yanga inangoima ngati kombi yopanda mafuta.

Koma sanati pitani kunyumba mukagone. Anati mesalazine, ngakhale sizichitikachitika, amatha kutupitsa mnofu wa mtima kapena kathumba kake, makamaka m'masabata oyambirira, ndipo ine ndinali m'masabata omwewo. Matenda enieniwo amathanso kutupitsa mtima. Akavuta magazi saachedwa kuundana, ndipo choundanacho chikakatseka m'mapapo troponin imakwera. Kuchepa kwa magazi nakonso kumatopetsa mtima, ndipo ine magazi ndimataya. Ndiye podikira yankho anandiimitsa mesalazine n'kundipatsa prednisolone, amene wanditupitsa nkhope ngati mtanda wa mandasi ndipo tulo sindikutiona. Mwamva, eni labotale? Tsiku lililonse limene mukuzengereza, ine ndili opanda mankhwala anga enieni.

Analemba kalata ya mizere inayi, yomveka, yodinda. Anati troponin iyezedwe pa makina a kampani ina, kapena ngati munayeza mtundu wa troponin I muyeze mtundu wa T. Anati CK-MB iyezedwe mwa njira ina, kapena magaziwo muwathire mankhwala aja amati PEG amene amagwetsa pansi zimbulumbuluzo, muone chotsala. Mzere womaliza anaudula kunsi kawiri: ngati simungathe, muuzeni wodwalayo asanalipire.

Ndinabwera nayo kalatayo. Ndinafunsa katatu kuti kodi izi mumapanga? Yankho linali lakuti timapanga zonse. Ndinapereka $70, chenji munati palibe, wina analemba kuseri kwa lisiti kuti $2 ndidzatenga. Kalatayo anaibaya sitepula pa fomu ine ndikuona. Nesi amene ananditenga magazi anali munthu wabwino, anapeza msempha kamodzi n'kundifunsa ngati ndadya, ameneyo musamukhudze. Munati ndibwere pakatha masiku atatu.

Ndinabwera Lachiwiri kapena Lachitatu la sabata yathayi, masiku akundisokonekera ndi kusagonaku. Ndinanyamuka ku Mabvuku kusanache, osadya kanthu, chifukwa munthu wa matenda anga akafuna kukwera kombi amayamba wasala. Mwana wanga wamkazi anajomba kusukulu kuti andiperekeze. $1 aliyense kupita, $1 aliyense kubwerera, $4. Kutsika pa Fourth Street, kuyenda wapansi mpaka kwanuko, ndikupuma pa mtengo uliwonse wa jacaranda. Pabenchi panu tinakhala maola awiri.

Envelopu itabwera ndinaitsegula pomwepo. Mayeso omwe aja, makina omwe aja, manambala pafupifupi omwe aja. Kalata ya dokotala inali ikadali pa sitepula pake, yopindika mmene ndinaipindira ine m'chikwama. Palibe anaitambasula. Anthuni, ndalipira $68 kuti andiuze zimene ndinalipira kale $68 kuti andiuze.

Ndinabwerera pawindo mwaulemu wonse umene anandiphunzitsa mayi anga. Ndinati mwanangu, pepani, pali cholakwika apa. Mtsikanayo maso ali pa foni, zikhadabo zofiira zikuyenda pagalasi, anangoti zotsatira ndi zotsatira. Ndinamuonetsa kalata. Anaikankha ndi cholembera, osati ndi dzanja, ndi cholembera, ngati ndamupatsa nsanza ya m'chimbudzi. Anaona dzina la bambo anga pa fomu n'kumwetulira, ndiye mpamene ananena za ife a ku Malawi. Ine ndinabadwira ku Mabvuku komweku, bambo anga anachokera ku Dedza n'kukalambira pa ntchito ya khonsolo ya mzinda uno, Chishona ndimalankhula mwina kuposa iyeyo. Kenako anasuzumira pepalalo n'kunena mokweza, benchi yonse ikumva, kuti ndi manambala amenewa iye akanakhala ali m'chipatala kapena akukonza za maliro, osati kukangana pawindo. Zikomo kwambiri adokotala apawindo. Sukulu ya zamtima munaimaliza liti, kuti tikuyamikireni bwino?

Ndiye m'mimba munati tiye.

Ndinapempha kiyi wa chimbudzi. Chitseko chake ndinkachiona, masitepe asanu kuchoka pomwe ndinaima, kiyi ali pa msomali kumbuyo kwake atamangiriridwa ku kathabwa. Anati chimenecho ndi cha ogwira ntchito ndi amene abwera kudzapereka mkodzo, ine ndangobwera kudzatenga zotsatira. Ndinamuuza dzina la matenda anga. Linali pa fomu imene inali m'manja mwake. Anati nditsike ndikafunse kwa alonda pansi. Sindinafike pansi. Mwana wanga wa zaka 15 anamasula chitenje chake n'kundifunditsa m'chiuno pamasitepe panu, akulira iye osati ine. Amene anatitsegulira chimbudzi ndi mlonda wa nyumba yoyandikana nanu, bambo wachikulire amene sanafunse funso ngakhale limodzi, anangobweretsa ndowa ya madzi n'kutembenuka. Ulendo wonse wobwerera ndinakhala pafupi ndi windo la kombi, nditakumbatira chikwama, ndikupemphera kuti asamve fungo.

Amayi anzanga a chigwirizano, zimenezi ndanena poyera kuti mumvetse chifukwa chake Lamulungu sindinaoneke. Ndipo ndapota nanu, m'makomenti musandilembere za masamba a gwafa kapena za mneneri wa kwakutikwakuti, ndinayesa zonse kale. Wina asatengenso nkhani yangayi n'kumati troponin ikakwera ndi bodza la makina. Pachifuwa pakathina thamangani kuchipatala. Nanenso panopa sindikudziwa ngati ndi makina kapena ndi mtima, ndipo amene akanandiuza ndi awa akundiwerenga n'kukhala chetewa.

Tsopano tamverani, eni ake. Ndikufuna $68 ya mayeso amene sindinawapemphe, $2 ya chenji chimene munalemba ndi dzanja lanu, ndi $4 ya kombi. $74. Ya madola a ku America monga ndinaperekera, musandiuze za ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, musandiuze kuti mundisungira ngati ngongole yodzayezetsera mtsogolo, chifukwa mkono wanga simudzaubayanso pokhapokha pa chinthu chimodzi: ngati mungathe kupanga zimene kalata ikunena, munthu wa m'labotale mwenimweni, osati wapawindo, aimbire dokotala wanga. Nambala yake ili pa kalata imene simunaiwerengeyo. Ngati simungathe, nenani kuti sitingathe, ndipite kwina. Liwu limodzi lokhalo likanandipulumutsira sabata yonse ya magazi.

Za mtsikanayo, poyamba ndinkati ndingofuna apepese. Ndasintha maganizo ndikulemba pano. Ndikufuna kalata yochokera kwa manejala, yosainidwa, yonena kuti chimbudzi chija n'chotsegukira wodwala aliyense, ndipo kiyiyo achoke pa msomali. Kamera ili pamwamba pa chitseko chanu, ndinaiona. Bwezerani m'mbuyo muone nokha mayi wa chitenje chobiriwira pamasitepe.

Malisiti onse ndawajambula, kutsogolo ndi kuseri. Kalata ya dokotala ndili nayo, ndi mabowo a sitepula yanu. Lachisanu likubwerali nthawi ya 12 koloko ikakwana ndisanamve kanthu, Lolemba m'mawa ndili ku Medical Laboratory and Clinical Scientists Council of Zimbabwe, kuchoka kumeneko ku Health Professions Authority, ndipo lamulo loteteza ogula la 2019 mwana wa mlongo wanga wandiwerengera kale mutu ndi mutu. Madzulo ake ndibwerera pano kudzalemba dzina lanu, msewu wanu ndi nambala ya chitseko, m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi, kuti pasakhale wonena kuti sanamve msanga. Magulu athu a maliro a pa WhatsApp kuyambira Mbare mpaka Dzivarasekwa uthenga umafika tiyi asanazizire.

Nambala yanga ya EcoCash yolandirira ndalama pa foni ili pa fomu yanu, pansi pa dzina lija linakuseketsani.