Ana athu ayambire pa tiagulugufe ta m'minda ya mpunga, njovu adzaziona

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathu. Nkhani ya zachilengedwe ikatchulidwa kuno kunyanja, chimene timamva ndi mchenga wa ku Senga Bay ndi njovu za m'nkhalango ya Nkhotakota. Sindikutsutsa ayi. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015, ndipo kusamutsira kumeneko njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 inali ntchito yoti tiziinyadira. Koma mwana wa ku Lifuwu kapena wa ku Benga, amene kalabu yake ya zachilengedwe ilibe ndalama ya galimoto, amamaliza sitandade 8 njovuzo akungozimva. Amakula akuganiza kuti chilengedwe chili kuseri kwa mpanda wa magetsi. Ndalemba kalatayi kuti ndipemphe aphunzitsi anzanga oyang'anira makalabu, ndi aliyense amene ali ndi foni ya kamera, kuti ayambire pa zimene zili kuseri kwa sukulu.

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Lifuwu. M'mawa ndimayenda m'migula ndi m'mbali mwa ngalande, foni ili m'manja, kufunafuna tiagulugufe timene akatswiri amatiika m'banja la Hesperiidae, totchedwa skipper pa Chingerezi. Padziko lonse pali mitundu yoposa 3,500 ya banja limeneli, ndipo ingapo mwa iyo timaipondaponda tsiku ndi tsiku popita kudimba. Tambiri n'tofiirira, tosakongola kwenikweni, totalika osapitirira chala chaching'ono tikatambasula mapiko. N'chifukwa chake anthu akakaona amangoti ndi kagulugufe ka usiku kaja kozungulira nyali. Koma yang'anitsitsani tinyanga take: timatupa chakunsonga kenako n'kupindikira kumbuyo ngati mbedza. Chizindikiro ndi chimenecho. Onjezani mutu waukulu, maso akuluakulu otalikirana, ndi chifuwa chonenepa chaubweya momwe muli minofu youlukira. Kouluka ndi minofu yotere sikayandama mumphepo monga achitira agulugufe oyera ndi achikasu aja. Kamangoti psiti, mwakasowa, kenako mukaona kali phee pa tsamba lina.

Liwiro limenelo ndi limene limagwetsa anthu ulesi, koma pali chinsinsi chimodzi chimene chimapeputsa ntchito yonse. Kamphongo kamasankha tsamba limodzi kapena phesi la udzu limodzi pamene pakuwomba dzuwa, n'kumadikirira pamenepo kakakazi kodutsa. Chilichonse chikadutsa, kaya ndi ntchentche, njuchi kapena gulugufe wamkulu kukaposa, kamachithamangitsa, kenako n'kubwerera pa tsamba lomwe lija kapena loyandikana nalo. Choncho kakathawa musakatsatire. Nyonyomalani pomwepo, lozetsani foni pa tsambalo, dikirani. Ana amene ndimapita nawo nthawi zina amavutika ndi kudikiraku kuposa china chilichonse, koma kakangobwerera kamodzi iwo akuona, simuwauzanso kuti akhale chete.

Nthawi yabwino ndi kuyambira cha m'ma 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa, pamene tiagulugufeti tikuwotha dzuwa kuti thupi litenthe. Dzuwa la ku Salima likafika paliwombo timakhala titapsa mtima, ndipo inunso simungapirire. Miyezi yake ndi kumapeto kwa dzinja, Malichi mpaka Meyi, udzu ukadali wobiriwira ndipo chisoso chili mbuu maluwa. Mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa m'mawa kumatifooketsa moti mutha kutiyandikira kwambiri, koma mwera umagwedeza udzu ndipo zithunzi zambiri zimatuluka zachimbuuzi. Masiku otero ndimafuna malo obisika kumphepo, kuseri kwa chulu kapena m'munsi mwa mgula.

Kamera yodula siyofunika. Chimene chimathawitsa kagulugufe ndi chithunzithunzi chanu chikakagwera, ndiponso dzanja loyenda modzidzimutsa. Imani moti dzuwa likuwombeni chapambali. Jambulani koyamba mukadali patali, kuti kakathawa mukhale ndi kenakake, kenako sendezani mkono pang'onopang'ono mukujambula. Gundani pa sikirini pamene pali diso, chifukwa foni ikaisiyira yokha imasankha udzu wa kumbuyo. Zoom ya foni zambiri imangofufumitsa chithunzi n'kuchiwononga. Ndi bwino kuyandikira ndi thupi n'kudzadula chithunzicho kunyumba. Ndipo tsikani mufanane nako msinkhu. Chithunzi chojambulidwa mutaimirira chimaonetsa msana wokha, pamene madontho othandiza kudziwa mtundu wake nthawi zambiri amakhala kunsi kwa phiko lakumbuyo. Mukatha, jambulani mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi kunsi. Mawondo a thalauza amada, zimenezo mayi a kunyumba anazivomereza kalekale.

M'munda wa eni yambani mwaodira. Munthu wamkulu wogwada m'mpunga wa wina ndi foni m'manja amadabwitsa. Mayi wina anandipeza choncho n'kufunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, mwataya chiyani m'munda mwangamo?" Nditawaonetsa chithunzi, diso la kagulugufe litadzaza theka la sikirini, anaitana mdzukulu wawo kuti adzaone, kenako anandilozera okha pamene amationa tambiri, pa chitsamba cha lantana cha m'mbali mwa msewu. Ananena zoona. Lantana amatikoka kwambiri, ngakhale kuti ndi chomera chobwera cha ku America chimene chimalanda malo a zomera zathu, ndipo sindingalimbikitse munthu kuchibzala. Malo ena odalirika ndi pamatope a m'mbali mwa chithaphwi ndi pa zitosi za mbalame. Pa zitosi zouma kagulugufe aka kamatulutsa kadontho ka madzi kumbuyo kwake, n'kunyowetsa chitosicho, kenako n'kumayamwa mchere ndi kamlomo kake katali kaja. Kakatanganidwa choncho mutha kufikitsa foni pafupi penipeni.

Tsono timene mungaone. M'mpunga ndi m'maudzu a m'dambo mwadzaza ta mitundu ya Borbo ndi Pelopidas, tofiirira tokhala ndi timadontho toyera toonekera kuwala. Timatera mwanjira yakeyake, mapiko akutsogolo ali chotukula, akumbuyo ali chogona. Timafanana zedi. Kamphongo ka Pelopidas mathias kali ndi kamzere kopendekera pamwamba pa phiko lakutsogolo, pamene pamachokera fungo lokopera kakakazi, ndipo ta Borbo tilibe kamzereko. Kupitirira apo, mitundu ina ngakhale akatswiri amaisiyanitsa poyang'ana ziwalo zoberekera pa makina okulitsa zinthu. Ndiye mwana akalemba m'kope kuti "Borbo" basi, ameneyo wakhoza.

Panjira zouma zopanda udzu pamatera ta mtundu wa Spialia, tating'ono kwambiri, takuda ta mawangamawanga oyera, mapiko ali chotambasula. Mbozi zake zimadya zomera zakutchire za banja limodzi ndi therere lobala. M'mithunzi ya mitengo ya m'mbali mwa mitsinje muli Tagiades flesus, amene pouluka amang'anima zoyera chifukwa kunsi kwa mapiko ake akumbuyo n'koyera, koma akatera amamatirira kunsi kwa tsamba mapiko ali tambalala, moti kuti mumujambule muyenera kugona chagada. Ta mtundu wa Sarangesa timakonda kubisala mumdima masana, m'maenje a njiri ndi pansi pa makalavati a msewu. Dzanja lokha musalowetse m'dzenje. Njoka nazo zimakonda momwemo.

Amene ndimamukonda ine ndi Coeliades forestan, chimphona cha gulu limeneli kuno kwathu, wa masentimita 5 mpaka 6 akatambasula mapiko, wokhala ndi lamba woyera wotambalala kunsi kwa phiko lakumbuyo. Amauluka mwamphamvu ndipo amapitirizabe kuyendera maluwa dzuwa litapendeka, agulugufe ena atagona kale. Wina wa chisisira ndi Zophopetes dysmephila, amene mbozi yake imadya masamba a kanjedza. Pamene pali kanjedza, yang'anani timasamba tiwiri kapena kamodzi kopindidwa n'kusokedwa ndi ulusi. Mkati mwake ndi momwe mbozi imabisala. Gulugufe wakeyo amatuluka kukamada, akulira ndi mapiko, ndipo nthawi zina amabwera pa nyali ya pakhonde. Kumujambula ndi foni kuthengo n'kovuta chifukwa kuwala kumakhala kutatha, koma akatera pakhoma pafupi ndi babu ndiye mwayi wanu.

Kusoka masamba kumeneku ndi khalidwe la pafupifupi banja lonse. Mbozi ya skipper ili ndi mutu waukulu ndi khosi lowonda, imapinda tsamba kukhala kampope, imakhala m'menemo masana n'kumatuluka kukadya usiku. Zitosi zake imazifwanthulira kutali kuti mavu ndi adani ena asaipeze ndi fungo. Apa ndi pamene alimi anzanga amandifunsa funso loyenera: kodi si zomwezi zimatidyera mpunga? Inde, mbozi za Borbo ndi Pelopidas zimadya masamba a mpunga, chimanga, mapira ndi nzimbe, sindingabise. Koma kawirikawiri zimakhala imodziimodzi ndipo zimangodya m'mphepete mwa tsamba. Si zofanana ndi ntchemberezandonda zachilendo zija zimene zinatulukira m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016/17, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pangozi. Zimenezo ndi ana a gulugufe wa usiku ndipo zimalowa mumtima mwa chimanga. Chiyambire mliri umenewo ndimaona anthu akuthamangira mpope akangoona mbozi ina iliyonse. Mankhwala ndi odula, ndipo amapha ndi akangaude ndi mavu omwe amene amatigwirira mbozizo ulere. Mlimi wodziwa kusiyanitsa mbozi ya m'kampope ndi ntchemberezandonda amapulumutsa ndalama yake.

Chimene chimatha tiagulugufeti ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, osaka mbewa ndi ososa minda amayatsa dambo lonse, ndipo mazira, mbozi ndi zikwa zimene zili m'masamba a udzu zimapsera momwemo chifukwa sizingathawe. Malo amene ndinkajambulapo bwino mu Epulo ndimakawapeza ali lupsa lokhalokha. Sindikuti anthu asiye mbewa, inenso ndiwo imeneyo ndimadya. Ndikupempha mafumu ndi makomiti a masikimu kuti azisiyako kamzere ka udzu wosatentha m'mbali mwa ngalande ndi mitsinje. Kamzere komweko kamagwiranso dothi kuti lisakwirire ngalande mvula yoyamba ikagwa.

Pali chifukwa chinanso chojambulira. Mndandanda wa agulugufe a m'Malawi umene David Gifford analemba unasindikizidwa ndi Society of Malawi mu 1965. Taganizani mmene Salima ndi Nkhotakota zasinthira kuchokera chaka chimenecho: minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, masikimu a mpunga a Lifuwu ndi Bua, mitengo imene yathera m'matumba a makala. Chithunzi chilichonse chokhala ndi tsiku ndi malo ndi umboni wa chimene chilipo lero. Pa intaneti pali iNaturalist, yaulere, pamene munthu amaika chithunzi ndipo odziwa a m'mayiko osiyanasiyana amathandiza kutchula dzina. Yatsani GPS ya foni musanajambule kuti malo alembeke okha. Bandulo ikavuta, kope ndi pensulo zikwanira: tsiku, nthawi, malo, ndi chomera chimene kanaterapo. Zimandiwawa kuti za tizilombo ta pakhomo pathu tizidikira mlendo wa masabata awiri kuti adzatilembere, chikhalirecho ife tili pompano chaka chonse.

Kalabu imene yapezako kandalama ipite ku malo osungirako nyama zakutchire a Kuti, konkuno ku Salima, kumene kulibe njovu kapena mikango ndipo amalola kuyenda pansi kapena panjinga. Mbidzi ndi mphalapala mudzaziona, koma mudzathanso kugwada pambali pa njira nthawi yonse imene mukufuna, zimene m'nkhalango ya Nkhotakota simungachite popanda mlonda wa mfuti. A ku Nkhotakota ali ndi madambo ozungulira Chia ndi m'mbali mwa Bua, bola ana asayandikire madzi, ng'ona za kumeneko si zamasewera.

A bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), amene mumayendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu, tithandizeni ndi pepala limodzi lokha la zithunzi za mitundu yopezekapezeka ya kuno kunyanja, lofotokoza m'Chichewa, loti mphunzitsi n'kulipinda m'thumba. Ndipo inu Akonzi, tipatseniko kakona m'nyuzipepala muno kamodzi pamwezi koikapo chithunzi cha kachilombo chojambulidwa ndi wowerenga, pamodzi ndi dzina la mudzi umene chajambulidwa. Mukavomera, za ku Lifuwu ndiyamba kutumiza ndine mpunga ukamatulutsa ngala.

Mphunzitsi wopuma,
Lifuwu, Salima