Okwera Sapitwa asiye jinzi ndi malaya a thonje kumunsi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi magulu a achinyamata a m'mipingo, ana asukulu ndi ogwira ntchito m'maofesi amene masiku ano akukhamukira kuphiri la Mulanje. Chidwi chimenechi n'chabwino. Zondidetsa nkhawa ndi zovala zimene ambiri amanyamuka nazo pa Likhubula, m'munsi mwa phirili poyambira kukwera: jinzi, tisheti ya thonje ndi chijekete chimodzi cholemera chimene amati chithana ndi zonse. Chikhalirenicho miyezi imene anthu amakonda kukwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo nyengo ya chiperoni.

Dzuwa la kumunsi limanamiza. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo wochokera pa Likhubula amakwera mamita opitirira 2,000 kuti akafikepo. Ngati kumunsi kuli madigiri 18, pamwamba yembekezani 4 kapena 5. Pakabwera mphepo ya liwiro la makilomita 40 pa ola, thupi limamva madigiri 5 amenewo ngati atsika kupyola 0. Tsono chiperoni sichibwera ndi mphepo yokha. Chimadza ndi nkhungu ndi kamvula kowaza kuchokera mbali ya Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone lomwe linapereka dzinali. Kamvulako sikaopsa pokaona, koma kamalowerera pang'onopang'ono mpaka pakhungu, ndipo madzi amakoka kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mpweya pafupifupi ka 25.

Apa ndi pamene thonje limapweteketsa. Chitunda chochokera pa Likhubula n'chotsetsereka kwambiri moti aliyense amatuluka thukuta ngakhale mu Julayi. Tisheti ya thonje imamwa thukutalo n'kulisunga. Mukangotulukira pamtetete pamwamba, mphepo imakupezani mutavala nsalu yonyowa yomata pamsana. Jinzi ndiye imanyanya: ikanyowa imalemera, imakhakha m'ntchafu, ndipo siuma tsiku lomwelo. Chijekete cholemera chija nachonso sichithandiza, chifukwa mukachivala pokwera mumasamba thukuta, mukachivula mumatsala ndi tisheti yokha.

Choyenera ndi zovala zopepuka zosanjikiza katatu, ndipo zonse zimapezeka pakaunjika. Chapakhungu chikhale cha nsalu yosasunga madzi. Jezi ya mpira imagwira bwino ntchito imeneyi, makamaka ya manja aatali. Pogula yang'anani kalebulo ka m'khosi: ngati palembedwa polyester kapena wool tengani, ngati palembedwa cotton bwezerani pamulu. Chachiwiri ndi juzi ya fleece kapena ya ubweya wa nkhosa. Majuzi awiri opyapyala amaposa imodzi yokhuthala, chifukwa chofunditsa munthu ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa nsalu, komanso mukhoza kuvula imodzi thupi likatentha. Chachitatu ndi renikoti yokhala ndi chipewa chake, yotchinga mvula ndi mphepo yomwe. Musanaigule ikani nsaluyo pakamwa n'kupemerera mwamphamvu. Mpweya ukatulukira kuseri mosavuta, dziwani kuti chiperoni chidzalowanso momwemo. Ikhale yokulirapo kuti majuzi akwane mkati, ndipo zipi yake itseke mpaka pachibwano.

Kumiyendo valani thalauza la tirakisuti la nayiloni kapena poliyesita, ndi matayiti mkati pa tsiku lozizira. Amayi ndi atsikana atenge chitenje ndithu, n'chothandiza madzulo chili chouma, koma chikhale m'chikwama poyenda. Nachonso n'cha thonje, ndipo pamatanthwe a Sapitwa chimamanga miyendo pamalo ofunika kutambasula.

Kukhala ndi zovalazi n'kwina, kudziwa nthawi yovala ndi yovula n'kwinanso, ndipo ambiri amalakwa pamenepa. M'mawa nyamukani mukumvako kuzizira pang'ono, ndi jezi yokha kapena ndi juzi imodzi, chifukwa pakatha mphindi 10 kapena 15 thupi likhala litatentha. Mukayamba kumva thukuta tsegulani zipi, vulani chipewa kapena chepetsani liwiro. Mukaima kuti mupume kupitirira mphindi 5, valani juzi nthawi yomweyo, thupi lisanazizire. Wodikira kuti ayambe wanjenjemera ndiye avale amakhala atataya kale kutentha kumene juziyo inayenera kusunga. Popuma khalani kuseri kwa mwala, ndipo khalirani chikwama, osati thanthwe lozizira.

Chipewa choluka chofika m'makutu ndi magolovesi sizilemera, koma n'zimene zimaiwalika kwambiri. Njira ya ku Sapitwa imafuna manja, pali malo okwawa ndi ogwira miyala, ndipo zala zikachita dzanzi sizigwira thanthwe, sizitha ngakhale kutseka zipi. Wopanda magolovesi avale masokosi ouma m'manja. Masokosi mutenge mapeya atatu, osakhala a thonje: oyendera, osinthira, ndi ena ogonera basi. Osapanikiza masokosi awiri okhuthala mu nsapato yothina. Magazi sayenda bwino ndipo mapazi amazizira koposa.

Chikwama chilichonse chimalowa madzi chikakhalitsa pamvula. Yambani mwaika thumba la pulasitiki lolimba mkati mwake, zovala zilowe m'thumbamo, kukamwa kwake mumange. M'menemo mukhale zovala zapadera zovala pokhapokha mwafika pogona. M'mawa mwake zibwerere m'thumba ndipo muvalenso zadzulo ngakhale zili zachinyontho. N'zowawa kwa mphindi zochepa, koma wovala zouma zake zonse panjira amafika madzulo alibe chosinthira. M'nyumba zogonamo monga ya Chisepo, Chambe, Thuchila ndi Lichenya muli posonkha moto. Yanikani zovala patali, chifukwa poliyesita imasungunuka ndi nthethe za moto, ndipo nsapato zoyandikizidwa kwambiri zimamatuka. Pogona, choyala pansi n'chofunika mofanana ndi chofunda. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ndiye ayi: mpweya wake sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.

Tsiku lopita kunsonga ndilo loopsa. Anthu akaona kwacha bwino pa Chisepo amasiya zonse n'kutenga foni ndi botolo la madzi. Ulendo wopita ndi kubwera umatenga maola 6 kapena kuposerapo, mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo nkhungu ikhoza kuphimba njira pa kanthawi kochepa. Aliyense atenge juzi, renikoti, chipewa, tochi ndi chakudya monga mtedza, mbatata yophika ndi mabisiketi, chifukwa thupi lanjala silipanga kutentha. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri, ndipo chinamupha n'kuzizira.

Otsogolera magulu adziwenso zizindikiro. Thupi labwino limakhala pa madigiri 37. Likatsika kupyola 35 munthu ali pangozi. Amayamba n'kunjenjemera, kenako amapunthwa pafupipafupi, amalephera kumanga zingwe za nsapato, mawu amalemera ngati woledzera, amangoti duu kapena kupsa mtima popanda chifukwa. Akasiya kunjenjemera pamene akadali wozizira, musati wachira, zinthu zafika poipa. Mubiseni ku mphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma, mumuyalire zikwama pansi, mumufunditse mutu ndi chifuwa, ndipo anzake amukhale pafupi mothinana. Ngati akutha kumeza bwino, mupatseni tiyi wofunda wa shuga. Osamupukusa manja ndi miyendo, osamuyandikiza pamoto waukulu mwadzidzidzi, ndipo mumunyamule mosamala potsika naye kuchipatala. Kachasu ndi mowa wina uliwonse zitalikire: zimatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kutentha pamene kutenthako kukutuluka.

Pempho langa kwa aphunzitsi, atsogoleri a achinyamata ndi okonza maulendo n'lakuti gulu lisanachoke pa Likhubula atsegule chikwama cha aliyense, ndipo wopanda juzi ndi renikoti abwereke kapena atsale. Ayang'anenso abale athu onyamula katundu. Iwowa ndiwo amatuluka thukuta koposa onse, ena amakwera ndi patapata ndi malaya amodzi, ndipo akafika pamwamba amakhala nthawi yaitali pamphepo kudikira gulu. Polemba ndalama za ulendo, muikepo za renikoti, juzi ndi chipewa cha aliyense amene adzakusenzereni katundu.

Ine wowerenga wanu,
Mulanje