Lipoti la ulendo wa ku Birmingham: ma decoder athu akupsa aja

Apampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa anthu okonza zamagetsi za timasitima toseweretsa ndi funso limodzi: ma decoder (timabolodi ta m'mutu wa sitima tolandira malamulo ochokera ku controller) omwe adzaza chitini m'kabati mwathu muja, tiwataye kapena angadzuke? Ambiri angadzuke, ena sanafe n'komwe, ndipo omwe anapsadi tinawaotcha ndife akuluakulu powamanga.

M'mawa munali za mbiri: kuti njira ya DCC, yotumizira timasitima malamulo kudzera m'njanji, inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany, ndipo NMRA, bungwe la okonda timasitima la ku America, linaikhazikitsa ngati muyezo m'zaka za m'ma 1990 kuti decoder ya kampani ina izimvera makina a kampani ina. Kenako kunabwera za phokoso la injini ndi zoyendetsa njanji yonse pa kompyuta. N'zabwino, koma ife sitinafikeko.

Ndalama zanu zinagwira ntchito masana, patebulo la okonza. Ndinakhala ndi bambo wina wachikulire wa m'gulu la MERG, lomwe lakhala likuchita zamagetsi a timasitima kuno ku Britain kuyambira 1967. Asanagwire chilichonse anandiyendetsa kaye pa kabolodiko. Magetsi a panjanji, pafupifupi ma volt 14 mpaka 16 pa saizi yathuyi ya timasitima yotchedwa OO, amatembenukatembenuka, ndipo kutembenukako ndiko kumanyamula malamulo. Ma diode anayi amawongola magetsiwo, regulator imawatsitsa kuti chip isapse, chip imawerenga lamulo, ma MOSFET (ma transistor amphamvu) anayi amayendetsa mota kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo tima transistor tating'ono timayatsa nyali. Ukadziwa njira imeneyi, matenda amaoneka okha. Mutu wa sitima ukamayenda mbali imodzi yokha, kayikira MOSFET. Magetsi akamazima ukangouika panjanji, pali diode kapena capacitor ya tantalum yomwe yapanga shoti. Nyali ikamakana kuzima, transistor yake yapsa.

Koma soldering iron imabwera pomaliza. Choyamba n'kubwezera decoder mmene inachokera ku fakitale. Pa ambiri umalemba 8 mu CV8 (amodzi mwa malo osungira zosankha mu decoder), adiresi, nambala yoitanira mutu wa sitima, n'kubwerera pa 3, ngakhale makampani ena ali ndi nambala zawo, choncho timapepala tobwera m'paketi tija tisamataye. Imodzi mwa zomwe ndinanyamula m'chitini inadzuka pompo, inangosokonekera adiresi. Anandiuzanso chomwe chakhala chikutinamiza: decoder imayankha pogwedeza mota pang'ono kuti ikoke ma milliamp 60 owonjezera. Ukaiyeza popanda mota imakhala chete ngati yakufa. Ndi zingati tinaponya m'chitini chifukwa cha zimenezi?

Ina ija nyali yakutsogolo inkangoyaka tinaikonza limodzi. Pansi pa galasi lokuzira, transistor ya waya woyera inaoneka yotupa, ili ndi kabowo pamsana. Kanthu kake kamiyendo itatu, sikafika ndi njere ya mpunga. Bambo aja anapaka flux (mankhwala othandiza mtovu kugwira), anawonjezera mtovu pang'ono pa miyendo yonse kuti isungunukire pamodzi, n'kukanyamula ndi tweezers. Anapukuta malowo ndi kachingwe ka kopa komwa mtovu, kenako anandipatsa ine kuti ndiike katsopano: mwendo umodzi kaye kuti kakhazikike, iwiri inayo pambuyo. Titadina F0, batani la nyali pa controller, nyali inayaka, titadinanso inazima. Chinaipha ndi babu lakale, lomwe limakoka magetsi ambiri pa nthawi yoyaka, pamene waya wa nyali pa ma decoder ambiri umangopirira ma milliamp 100. LED yokhala ndi resistor ya 1k ikanathetsa nkhani.

Apa ndiyankhule za kwathu. Chomwe chimapha decoder kwambiri ndi waya wa mota, wa olenji kapena wotuwa, kukhudzana ndi magetsi a panjanji, omwe amabwera pa wofiira ndi wakuda. Mitu yakale yomwe chitsulo chake n'chogawika pawiri imadutsitsa magetsi m'chitsulomo mpaka ku mota, ndipo usanaike decoder uyenera kulekanitsa motayo n'kutsimikiza ndi multimeter. Mitu yomwe tinapatsidwa ija ndi ya mtundu umenewu. Inamangidwa mothamanga usiku woti mawa makolo akubwera kudzaona, n'kuikidwa panjanji yaikulu osadutsa pa njanji yoyezera, yomwe magetsi ake ndi ochepa dala kuti cholakwika chisaotche kanthu. Utsi utatuluka, mlandu unagwera ana a m'kalabu muno, ndipo mpaka lero ena mwa iwo saloledwa kugwira controller. Ndinanena nthawi imeneyo kuti mwana sangaotche MOSFET pozunguza liwiro, ndinauzidwa kuti ndikuikira kumbuyo. Ndinaika decoder yochokera m'mutu umodzi mwa imeneyo patebulo osanena mbiri yake, ndipo bambo aja atayeza anangofunsa ngati mota inalekanitsidwa ndi chitsulo. Apampando, ana aja abwezeredwe controller Loweruka lino, ndipo auzidwe pamaso pa onse kuti sanalakwe.

Pomaliza msonkhano panali mtsutso ngati kukonza kuli ndi phindu. Ambiri anagwirizana kuti decoder yotchipa ingotayidwa, ya phokoso yokha ndiyo yoyenera kuivutikira, ndipo yomwe ikadali pa waranti ibwezedwe kwa ogulitsa osaigwira. Za waranti ndikuvomereza. Zotaya ndikukana. Iwo amawerengera nthawi yawo, koma ife kalabu ino tinaiyambitsa kuti ana athu azigwira waya ndi mtovu, ndipo diode ndi ya makobidi. Yokhayo yomwe chip yake yafa ndiyo yosathandizika, poti pulogalamu ya mkatimo ndi yokhomedwa ndi kampani. Ngakhale imeneyo tichotsemo kaye zina zomwe zili bwino.

Ndikupempha kuti ndalama yomwe tinaika pambali yogulira ma decoder atsopano ipite ku decoder tester, galasi lokuzira ndi soldering iron yoti kutentha kwake kuzisinthika. Soldering iron tinali nayo ina, inabwerekedwa chaka chatha ndipo sinabwerere. Amene ali nayo akudzidziwa. Ndikupemphanso lamulo loti mutu uliwonse womangidwa kumene uziyamba wawerengedwa adiresi pa njanji yoyezera, anthu awiri akuona, komanso kuti mota yakale iziyezedwa magetsi omwe imakoka ikakanirira, chifukwa ma decoder athu ambiri amalekeza pa amp imodzi.

Malisiti a sitima ndi chakudya ndapereka kwa asungichuma. Alawansi inafika nditagula kale tikiti ndi ndalama zanga, zomwe zingalepheretse membala wina wosapeza bwino kupita ulendo wotere, choncho komiti ilikonze. Yotsala ndagulira ma diode, tima transistor ndi ma resistor, zili m'kabati pamodzi ndi ma decoder awiri okonzedwawo. Loweruka ndibwera ndi multimeter yanga kuti tiyambe kusankha za m'chitini, ndipo amene ali ndi timapepala ta ma decoder kunyumba abwere nato.