Musanagule kamera ya rangefinder, iyeseni kaye

A Mkonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tilangize achinyamata a kuno ku Zomba amene akufuna kamera ya filimu ya mtundu wa rangefinder. Ambiri amathamangira dzina la Leica, koma kwathu kuno chimene chimapha kamera ndi chinyezi, ndipo chinyezi sichisankha dzina.

Mukasuzumira mu rangefinder mumaona kabokosi kowala pakati, ndipo chinthu chimaoneka pawiri mpaka mutazunguza lenzi kuti zithunzi ziwirizo zigwirizane. Yesani motere: imani m'tauni, zunguzani lenzi mpaka pa chizindikiro cha ∞ (cha zinthu zakutali kwambiri), lozani pamwamba pa phiri la Zomba. Ngati mzere wa phiri ukuonekabe pawiri, kamerayo inagwapo kapena inasokonekera, ndipo zithunzi zanu zidzatuluka zosalongosoka. Kabokosi kakazirala, musagule.

Kenako tsegulani kumbuyo, ikani liwiro la chotsekera kuwala pa B (chimakhala chotsegula mpaka mutasiya batani), gwirani batani, muwalitse tochi kudutsa lenzi. Timizere tonga ukonde wa kangaude ndiye chuku. Chikakhalitsa chimadya galasi, ndiye ngakhale mupukute bwanji sichichoka. Gwiraninso siponji yakuda ya m'mbali mwa chitseko. Ikamamata ku chala, kuwala kudzalowa n'kuwononga filimu, koma iyi imasinthika mosavuta.

Kwa woyamba kumene, ife timati Canonet QL17 GIII ya 1972. Lenzi yake ndi 40mm f/1.7, yosachotseka, ndipo imajambula ngakhale popanda batire mukasankha nokha liwiro ndi kukula kwa kabowo kolowera kuwala (nambala ya f ikachepa, kabowo kamakula). Batire yake inali ya mercury ya 1.35V yomwe inaletsedwa. Ya 1.5V imanamiza mita yoyezera kuwala, choncho ikani ya zinc-air nambala 675, ya timakina tothandiza kumva. Yashica Electro 35 nayo ili ndi lenzi yabwino ya 45mm, koma popanda batire imangojambula pa liwiro limodzi.

Zorki 4 ndi FED 2 za ku Soviet Union n'zotsika mtengo ndipo lenzi zake zimachotseka. Lamulo lake ndi limodzi: kokani filimu kaye musanasinthe liwiro, apo ayi mudzathyola zam'kati. Lenzi ya ku Soviet ya Jupiter-8 imalowa pa Leica ya mazinga omangira lenzi a M39, koma miyeso yake imasiyana pang'ono, ndiye pa f/2 munthu ali pafupi, maso ake sadzaoneka bwino.

Amene ali ndi ndalama za Leica asankhe lenzi asanasankhe kamera. Leica M3 ya 1954 ili ndi mizere yosonyeza malire a chithunzi posuzumira ya lenzi za 50, 90 ndi 135mm, ilibe ya 35mm. Wofuna kujambula mumsika wa Zomba, momwe mulibe pobwerera m'mbuyo, Leica M2 ndi lenzi ya 35mm, yomwe imaona malo otambalala, ndiye zake. Mbalame za ku Mulunguzi ziiwaleni, rangefinder sifika patali chotero, komanso zambiri siziona bwino chinthu choyandikira kuposa masentimita 70.

Makamera onsewa kupatula Canonet ndi Yashica ali ndi chotsekera kuwala cha nsalu, ndipo dzuwa la Okotobala likadutsa mu lenzi yosavindikira limaboola nsaluyo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo musasunge kamera m'chikwama chake chachikopa. Iikeni m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo muziitulutsa mlungu uliwonse n'kuiliza pa liwiro lililonse kuti mafuta am'kati asaume.

Ojambula zithunzi,
Zomba