Kalata kwa mwana wanga, za tayala lomwe ladyeka mbali imodzi

Mangochi

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti unafika bwino ku Blantyre ndiponso kuti akunyumba kwako ndi ana ali moyo. Kuno tonse tili bwino. Ndalemba kalatayi chifukwa cha chimene ndinaona pa galimoto yako tsiku lija unaiimika pansi pa mtengo wa mango chiwongolero chitakhota. Tayala lakutsogolo la kumanzere ladyeka kwambiri m'mphepete mwake mwa mkati, pamene mbali yakunja mano akadali bwinobwino, kotero kuti munthu woima pambali angaganize kuti tayalalo ndi lamoyo. Sindinafune kukuuza pamaso pa alendo, koma nkhaniyi yandisowetsa mtendere.

Unanena kuti mwezi wamawa ugula matayala awiri atsopano. Ndikukupempha kuti usathamangire kugula usanapeze chimene chadya akalewa, chifukwa atsopanowo adzadyekanso malo omwewo pakangotha miyezi yochepa, ndipo ndalama zako zidzakhala zapita pachabe. Pa zaka zomwe ndinayendetsa galimoto pakati pa Liwonde, Mangochi ndi Monkey Bay, ndinaphunzira kuti kadyekedwe ka tayala kamaloza kumene kuli vuto. Likadyeka m'mphepete monse muwiri pakati pali bwino, ndiye kuti lakhala likuyenda ndi mpweya wochepa, kapena lakhala likusenza katundu wopitirira muyeso, monga matumba a chimanga aja umanyamula ukamachoka kuno. Likadyeka pakati pokha, ndiye kuti limapopedwa mopyola. Koma likadyeka mbali imodzi ngati lakolo, mpweya si umene walakwa. Gudumulo silikuima chilili kapena silikuyang'ana kutsogolo ndendende, ndipo limayenda likukhula phula chammbali. Izi ndi zimene amakaniko amazitcha kusokonekera kwa alignment, ndipo kawirikawiri zimayamba munthu akagunda dzenje ali pa liwiro, kapena gudumu la kumanzere likamagwera kawirikawiri kunja kwa phula popatukira malole ndi akabaza.

Uchite motere Loweruka m'mawa, galimoto isanayende. Uyendetse chikhatho chako pamwamba pa tayala chopingasa, kuchokera kunja kupita mkati kenako kubwerera. Ukamva kuti mbali imodzi ndi yosalala koma pobwerera mano akukukanda ngati a sowo, dziwa kuti magudumu awiri akutsogolo sakuyang'ana njira imodzi. Ukayendetsanso dzanja mozungulira tayala n'kupeza malo ena okumbika ndi ena otukuka motsatizana, kaikira mashoko, chifukwa shoko yotha imalola gudumu kumanjanja pamsewu m'malo mokhazikika. Gudumu losachitidwa balancing, kumene ndi kulinganiza kulemera kwake kuti lizizungulira mosanjenjemera, nalonso limadya tayala mwa mtundu umenewu, ndipo umalizindikira ndi kunjenjemera kwa chiwongolero ukafika pa liwiro lalikulu.

Ukatero uimike galimoto pamalo athyathyathya, utchinge magudumu akumbuyo ndi miyala, ukweze ndi jeke mbali yokaikitsayo, ndipo usalowe pansi pake jeke ili yokha. Ugwire tayala kumanzere ndi kumanja n'kuligwedeza. Likamasewera kapena kugogoda, nthawi zambiri imakhala tie rod end yatha, kamfundo kakumapeto kwa chitsulo cholumikiza gudumu ku chiwongolero. Uligwirenso pamwamba ndi pansi. Likasewera pamenepo, amakaniko ayang'ane ball joint, mfundo imene gudumu limakhoterapo, kapena bearing, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo. Apa ndi pamene ndikufuna undimvetsetse, chifukwa ineyo ndinatayapo ndalama. Chaka china ndinapititsa galimoto ku galaja ina kukachita alignment, anandilipiritsa n'kundiuza kuti zatheka, koma sanagwedeze gudumu ngakhale limodzi. Tie rod inali itatha kale, ndipo pasanathe miyezi itatu tayala latsopano linali litafika pa waya. Chitsulo chosewera sichisunga muyeso umene makina aika. Choncho ayambe asintha zitsulo ndi mabushi (timphira ta m'malo olumikizira zitsulo) otha, kenako alignment ndi balancing, ndipo matayala atsopano avekedwe nthawi yomweyo. Ukaone ndi maso ako manambala pa makina asanayambe ndi atamaliza.

Za mpweya, usamadalire kumenya tayala ndi phazi kapena kuyerekeza kwa mnyamata wopopa. Muyeso woyenera galimoto yako unalembedwa pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire chabe, si muyeso woyendera. Uziyeza kamodzi pamwezi matayala ali ozizira, chifukwa ukayenda mtunda wautali pa phula lotentha la kuno mu Okutobala mpweya umakwera, ndipo ukautulutsa nthawi imeneyo tayala lidzakhala lobwerera likazizira. Sipeya nayo uziyeza. Pakatha makilomita 8,000 mpaka 10,000 uzisinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo, popeza akutsogolo ndi amene amakhota ndi kulandira mphamvu yambiri ya mabuleki.

Ukamagula, makamaka ngati ukopeka ndi matayala ogwiritsidwa kale ntchito chifukwa chotchipa, uwerenge manambala anayi omaliza pambuyo pa malembo akuti DOT olembedwa m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma n'kung'ambika ngakhale mano akuoneka. M'mizere yake mulinso timizere topingasa tosonyeza kuti mano atsala mamilimita 1.6 okha, ndipo mbali ya mkati ya tayala lako ndinaona kuti yatsala pang'ono kufanana nato.

Ndikudziwa kuti ukufuna kudzatenga amayi ako kupita nawo ku Namwera mvula ikayamba. Msewu wokwera mapiri a Chowe uli ndi makona ambiri, ndipo tayala lotha mano silichotsa madzi pansi pake. Usabwere ndi tayala limenelo. Ngati sipeya ili bwino, uiveke lero lomwe, ndipo ukachoka ku galaja undiimbire undiuze chimene apeza pa gudumu la kumanzere.

Ndine,
Bambo ako