Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya shunt

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo la bambo ako lija. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni tikungodulana mawu mpaka mayunitsi kutha nkhani isanamveke. Mpongozi wanga wandiuza kuti madokotala a ku Gulupu akufuna kumuika mwana shunt, kachubu kochotsa madzi amene achuluka m'mutu mwake, koma iwe ukukana kusaina, ati sungalole kuti khanda la miyezi inayi aliike pulasitiki m'mutu. Manthawo ndikuwamvetsa. Komabe ine ndinakalambira m'wodi ya ana, ndipo ndikuti pita ukasaine. Uwerenge mpaka kumapeto, popeza ntchito yaikulu ya iwe monga bambo idzayamba tsiku lotuluka m'chipatala.

Madzi amene akukambidwawo aliyense ali nawo, ngakhale iweyo. Mkati mwa ubongo muli timazipinda tinayi mmene mumapangidwa madzi oyera mbee, amene amazungulira ubongo ndi mtsempha wa mumsana kenako n'kulowa m'magazi. Munthu wamkulu amapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, koma amene amapezeka m'thupi nthawi imodzi sakwana n'komwe kapu, chifukwa ena akamabwera ena amakhala akuchoka. Zili ngati kasupe wa kudimba kwathu kuja: satseka usiku kapena Lamulungu, ndiye ngalande ikadzaza zinyalala madzi amabwerera m'mabedi. Mwa mdzukulu wangayu njira yatsekeka koma madzi akupangidwabe. Mafupa a mutu wa khanda amakhala asanalumikizane, ndiye mutu umangofutukuka. Ndi zimene mukuonazo: liwombo lotukumuka, mitsempha yoonekera pamutu, maso oyang'ana pansi choyera chili pamwamba. Mwana wobadwa masiku atakwana mutu wake umazungulira masentimita 35 kapena kuyandikira apo, ndipo umakula pang'onopang'ono motsata mzere wa m'buku la kusikelo. Tsegula bukulo uone wekha mmene madontho a mwana wako adumphira mizere.

Sabata iliyonse imene mukudikira, madziwo akufinya ubongo ndi mitsempha ya maso. Chimene chafa mmenemo opaleshoni siidzachibweza. Usayembekezenso kuti akamuika shunt mutu uphwa n'kubwerera mwakale. Umasiya kuthamanga, thupi n'kumakula kuulondola. Ndiye mutu umene adzakhale nawo moyo wake wonse ukudalira tsiku limene musainire.

Ndamvanso zimene azakhali ako akuyankhula, zoti mkazi wako anasempha mwana, kapena kuti pali dzanja la munthu. Uwaletse, ndipo uwaletse iweyo, usamusiyire mlendo kuti adziteteze yekha pakati pa abale ako. Ukukumbukira kuti mwanayu ali ndi masabata awiri anatentha thupi, kukana bere, mpaka munagonekedwa? Matenda otero akafika ku ubongo, ngakhale mwana achire, amasiya zipsera zotseka njira za madzi. Dokotala wina wa ku America, Benjamin Warf, amene anagwira ntchito pa chipatala cha ana cha CURE ku Mbale, m'dziko la Uganda, anapeza kuti mwa ana 10 aliwonse amene ankabwera ndi vutoli, pafupifupi 6 linawayamba atadwala motere akadali makanda. Ena amabadwa nalo, makamaka obadwa ndi chotupa pamsana. Palibe mayi amene amachititsa zimenezi ndi khalidwe lake. Ndipo chonde, pamutu pa mwanayo pasapakidwe mankhwala a liwombo, pasatemedwe mphini. Dokotala sang'amba khungu lokhala ndi zilonda, adzakubwezani kuti zipole kaye, masiku n'kumapita.

Tsono chinthucho. Ndi kachubu kofewa, kowonda kuposa cholembera, kokhala ndi zigawo zitatu. Amaboola kabowo kakang'ono pafupa la mutu n'kulowetsa mbali yoyamba m'chipinda chodzaza madzicho. Pansi pa khungu, chakumtunda kapena kuseri kwa khutu, pamakhala kavavu kotseguka madzi akachuluka n'kutsekanso akachepa, ndipo sikalola kuti abwerere m'mutu. Ukadzapapasa udzamva kachotupa kolimba pamenepo, usadzadabwe. Kuchokera apo kachubu katali kamatsika pansi pa khungu, kudutsa m'khosi ndi pachifuwa, mpaka m'mimba. Sikalowa m'chifu kapena m'matumbo ayi. Kamathira madzi m'mpata umene matumbo amakhalamo, ndipo thupi limawamwa n'kuwabwezera m'magazi. Amasiya kachubu kotsala kopindika m'mimbamo kuti mwana akamatalika kazitambasuka. Mulibe batire, simufunika magetsi, kunja sikuoneka kanthu kupatula mabala awiri aang'ono. Opaleshoni yake nthawi zambiri imatenga ngati ola limodzi.

Poti ukuchiona ngati chinthu cha anthu opanda chisoni, ndikuuze amene anachikonza. Mu 1955 ku Philadelphia, m'dziko la America, munthu wina wa zamakina, John Holter, anabereka mwana wamwamuna dzina lake Casey, wobadwa ndi chotupa pamsana, yemwe posakhalitsa madzi anayamba kumudzaza m'mutu. Mavavu a nthawi imeneyo ankakanika. Bamboyo sanali dokotala, koma anakhala pansi ndi zitsulo zake n'kupanga kavavu kake, mogwirizana ndi dokotala Eugene Spitz, ndipo pofika 1956 kanayamba kuikidwa mwa ana. Ndi iyeyo amene analimbikira kuti kazipangidwa ndi silikoni, chinthu chimene thupi silichikana, ndipo mpaka lero machubuwa ndi a silikoni. Casey anamwalira akadali wamng'ono, koma ana ambirimbiri anakula chifukwa cha luso la bambo wakeyo.

Ukamva kuti shunt yake ndi ya ku India, yotchedwa Chhabra, usaganize kuti akupatsani yachabechabe chifukwa ndinu osauka. Warf yemweyo anaiyerekeza ndi ya ku America mwa ana a ku Uganda, n'kulengeza zotsatira mu 2005. Ya ku India inali ya madola 35, inayo ya madola 650, ndipo patatha chaka sipanaoneke kusiyana pa kagwiridwe kake ka ntchito. Palinso njira ina yosaika kachubu, yotchedwa ETV, imene amalowetsa kakamera m'mutu n'kuboola njira yatsopano mkati mwa ubongo momwemo. Siyenera mwana aliyense, ndipo mwa makanda aang'ono kwambiri kawirikawiri siigwira bwino. Ufunse ngati anaiganizira ataona sikani. Kufunsa si mwano. Akakuyankha kuti mwana wakoyu ikumuyenera ndi shunt, amvere.

Apa ndiye utchere khutu, chifukwa ndi pamene ndinkaona makolo akutaya ana amene opaleshoni yawo inayenda bwinobwino. Shunt sichiritsa matendawa, imangopatutsa madzi, ndipo imatha kutsekeka, kuduka, kapena kulowedwa ndi tizilombo. Mwa ana 10 oikidwa shunt, atatu kapena anayi amabwereranso ku fiyeta chaka choyamba chisanathe. Sindikukubisira zimenezi, ndipo si chifukwa chokanira. Mwana wobwerera msanga amamukonzera kapena kumusinthira, n'kubwerera kwawo. Wogonekedwa kunyumba poyembekeza kuti mwina mawa adzuka bwino ndi amene amafika mochedwa.

Vuto lake ndi lakuti shunt ikatsekeka mwana amaoneka ngati wadwala malungo. Amasanza, nthawi zina mothovoka, osatsegula m'mimba. Amakana bere. Amalira kulira kwachilendo, koswa makutu, osatonthola ngakhale umubereke. Kenako amayamba kugona kwambiri, ndipo ili ndiye dzenje limene ambiri amagweramo: makolo amapuma, amvekere mwana wapeza bwino, wagona, pamene akulefuka. Mwana wovuta kumudzutsa si woti ugone naye mpaka kuche. Ukhale naye tsonga ali chete, osalira, ugwire paliwombo. Likakhala lofewa, lolowa pang'ono, ndi bwino. Likakhala lolimba, lotukumuka, maso n'kuyambanso kuyang'ana pansi kapena kuchita tsonya, nyamukani. Akakomoka kapena kugwedezeka, musafunsane n'komwe. Akadzakula liwombo n'kutseka, chizindikiro chidzakhala mutu wopweteka kwambiri makamaka m'mawa, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kudzandira, kapena kubwerera m'mbuyo kusukulu popanda chifukwa.

Tizilombo timakonda kulowa miyezi yoyambirira. Uziona kutentha thupi, kufiira kapena kutupa motsata njira ya kachubu m'khosi ndi pachifuwa, bala lotulutsa madzi kapena mafinya, mimba yotupa yopweteka. Madzi oyera akamadontha pabala la pamutu, amenewo ndi a muubongo, musamate ndi kansalu n'kukhala.

Mukafika pachipatala chaching'ono, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwako, usanakhale n'komwe pampando, akhale akuti, “Mwanayu ali ndi shunt.” Pamzere pamakhala ana ambiri otentha thupi ndi kusanza, ndipo wogwira ntchito wotopa adzayeza malungo, n'kukupatsani LA ndi panado. Ayezedi malungowo. Koma ngakhale apezeke, mwana akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, malungo ndi shunt yotsekeka. Ngati akulefuka, upemphe mwaulemu kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, ndipo usachoke opanda kalatayo. Ndimakudziwa, pamaso pa anthu ovala zoyera umasanduka wofatsa, pomwe kunyumba mawu ako amamveka mpaka kumsewu. Tsiku limenelo kufatsako ukusiye pakhomo.

Ndalama ya ulendo wa ku Blantyre ikhale padera, yosakhudzidwa, ngakhale kugwe maliro kapena feteleza atsike mtengo. Mkazi wako adziwe pamene ili, ndipo umuuze lero lomwe kuti mwana akasintha anyamuke osadikira chilolezo chako. Foni yako imazima kawirikawiri, ndipo ubongo sudikira kuti bambo abwere kuchokera kuntchito. Buku la kuchipatala, lolembedwa tsiku la opaleshoni ndi mtundu wa shunt, liziyenda ndi mwana kulikonse, ngakhale kobwera kuno kudzationa. Ujambulenso masambawo pafoni.

Zina ndi zazing'ono. Kavavu kaja musamakadinize, ndipo muwaletse ana anzake ndi alendo okonda kugwiragwira. Masiku oyamba asagonere mbali ya balalo, ndipo muzimutembenuza pafupipafupi, chifukwa mutu wolemera umachita zilonda msanga, khungu la pamwamba pa kavavu n'lopyapyala. Bala lisanyowe mpaka anamwino atanena. Akayamba kudya musalole kuti adzimbidwe masiku ambiri, popeza mimba yodzaza imatha kulepheretsa madzi kutsika. Kusikelo azipita monga mwana aliyense, katemera alandire yense, ndipo muzikumbutsa kuti amuyeze mutu ndi tepi, alembe m'buku. Kubereka kumbuyo n'kololedwa, bola nsalu igwire mutu bwino.

Za tsogolo lake sindikulonjeza zimene sindingathe. Ena amachedwa kukhazika khosi, kukhala pansi ndi kuyenda, ndipo amafunika mafizo kwa nthawi yaitali. Ena amavutika ndi khunyu, lomwe lili ndi mankhwala ake. Ena amakula, kuphunzira, kukwatira, shunt ili m'thupi, anthu osadziwa. Chimene ndikukupempha n'choti musadzamubise m'nyumba kapena kumuphimba chipewa chifukwa cha maso a anthu. Azipita kutchalitchi, azisewera pabwalo, ikakwana nthawi mukamulembetse sukulu ndipo mukawafotokozere aphunzitsi zizindikiro zomwezi.

Ine ndibwera Lachiwiri kuti ndidzasinthane ndi mpongozi wanga pa ugadiyani, chifukwa mwana wa eniyo watha thupi. Ndinyamula ufa, nyemba ndi bulangete. Iwe upemphe tchuthi kuntchito kuti tikaonane ndi dokotala tonse atatu, ndipo ulembe papepala mafunso ako onse, ngakhale amene ukuwaona ngati opusa, uyambe ndi lakuti shunt ikavuta usiku mukafikire khomo liti. Bambo ako akuti ndikupatse moni, ndipo mbuzi ija agulitsa, ndalama yake ndibwera nayo.

Ndine mayi ako.