Kalata yotseguka kwa mkulu wa ofesi yoteteza zinsinsi za anthu

Bwana Mkulu,

Landirani moni. Ndikulemba poyera chifukwa makalata atatu amene ndinatumiza ku ofesi yanu mwakachetechete sanaphule kanthu.

Ine ndimasoka zikwama n'kumagulitsa pa msika wina wa pa intaneti. Shopu ndilibe. Makina anga ali m'chipinda chomwe ndimagona, ndiye eni msikawo atafuna adiresi ya bizinesi ndinalemba ya kunyumba. Ina ndikanaitenga kuti? Sanandiuze kuti adzaiika pa tsamba langa, pamodzi ndi dzina langa lonse ndi nambala ya foni, pomwe aliyense angaone, wogula ndi wosagula yemwe.

Tsiku lina kachisisira ndili kosamba, kunamveka kugogoda. Anatsegula ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Pakhomo panaima bambo amene tinakangana naye pa mauthenga chifukwa cha chikwama chomwe chinachedwa kufika, ngakhale ndalama zake ndinali nditabweza kale. Anamufunsa mwanayo dzina, ndipo mwana, poti ndinamuphunzitsa kuyankha akuluakulu, anamuuza. Anamufunsanso ngati bambo ake alipo. Nditatuluka, madzi akuchucha m'mutu, munthuyo sanakalipe. Anangonena kuti amafuna aone pamene ndimakhala, anayang'ana mazenera onse mmodzimmodzi, n'kumapita.

Sanandimenye, sanabe kanthu, ndipo aliyense amene ndamudandaulira amandifunsa kuti nanga wandilakwira chiyani. Koma kuyambira tsikulo mwana uja sagona yekha. Galimoto ikaima panja amathamangira kukazimitsa magetsi. Ineyo ndinasiya kusoka usiku kuopa kuti phokoso la makina lingaulule kuti m'nyumba muli anthu, chonsecho usiku ndi pamene ndinkagwira ntchito yambiri.

Si ine ndekha. Anzanga ogulitsa akuimbiridwa mafoni ndi akuba odzitcha antchito a msikawo, ofuna nambala yachinsinsi, ndipo anzangawo amawakhulupirira chifukwa akubawo amatchula dzina ndi adiresi molondola. Wina amalandira mauthenga omufunsira pakati pa usiku. Wina anathawa mwamuna wankhanza, mwamunayo n'kumupeza kudzera pa tsamba la malonda. Wina anatseka akaunti kalekale, koma mpaka lero sakumuuza ngati chithunzi cha chiphaso chake anachifufuta. Ndipo maina, ma adiresi ndi manambala athu zikangoikidwa poyera, mapulogalamu a kompyuta amazikolola zonse n'kuzisunga kwina, kumene ife sitingafikeko.

Ndikudziwa, Bwana, kuti ogula nawonso amaberedwa, ndipo ogulitsa achinyengo alipo. Sindikupempha kubisala. Eni msika andidziwe, chiphaso changa aone, boma likandifuna lindipeze. Chimene ndikukana n'chakuti khomo limene mwana wanga amagona likhale pa chikwangwani cha dziko lonse.

Musandiuze kuti sizingatheke. Ku America, lamulo la INFORM Consumers Act linayamba kugwira ntchito pa 27 June 2023. Limalamula misika ya pa intaneti kufufuza n'kutsimikiza maina ndi ma adiresi a ogulitsa amene agulitsa kokwana 200 n'kupeza madola osachepera 5,000 m'miyezi 12. Kuonetsa adiresi kwa ogula n'kwa okhawo opeza madola 20,000 kapena kuposa pachaka, ndipo ngakhale iwowo, ngati adiresi yawo ndi ya kunyumba basi, msika umaloledwa kungotchula dziko ndi chigawo. Ngati foni ndi yomweyo ya iwo eni, wogula amauzidwa kuti alembe uthenga. M'maiko a European Union, lamulo la GDPR lakhala likunena kuyambira 2018 kuti kampani izitenga zokhazo zimene ikufunikiradi, ndipo munthu akapempha kuti zake zifufutidwe ayankhidwe pasanathe mwezi. Anthu anakhala pansi n'kuganizira mayi wosokera m'chipinda chogona. Kodi inu mukudikira chiyani?

Kalata yanga yoyamba ofesi yanu inayankha kuti nkhaniyi mwaimva ndipo muitanitsa eni misika. Yachiwiri munati malangizo atsopano ali m'njira. Yachitatu, zii. Pamene munkalandira udindowu munalonjeza kuti wamng'ono adzamvedwa ngati wamkulu, ndipo ine ndinakukhulupirirani, mpaka ndinauza anzanga kuti aleke kudandaulira m'magulu, alembe makalata. Lero akandifunsa ndimasowa pogwira.

Ulemu ndikukupatsani, koma ndatopa. Lamulani misika yonse kuti ichotse poyera ma adiresi a kunyumba ndi manambala a foni a ogulitsa ang'onoang'ono, ndipo wogula azitilankhula kudzera mu uthenga wa pa msika womwewo. Adiresi iziperekedwa pokhapokha pali mlandu, kwa amene ali ndi mphamvu yoifunsa, ndipo mwini wake aziuzidwa. Wotseka akaunti alandire kalata yonena zimene zafufutidwa ndi zimene zasungidwa, chifukwa chake, komanso mpaka liti. Msika wokana ulipitsidwe chindapusa. Tiuzeninso tsiku limene zimenezi ziyambe, lolembedwa, chifukwa adiresi yanga ikadali pa tsamba lija pamene ndikulemba kalata ino, ndipo bambo uja akulidziwa dzina la mwana wanga.

Ine wanu,
Mayi wosoka zikwama